Pamene Osadziwa Kulemba Anasankha Boma: Mbiri ya Chisankho ku India

M'chaka cha 1947, pa 15 Ogasiti, dziko la India linalandira ufulu wodzilamulira kuchokera kwa atsamunda a ku Britain. Chisangalalo cha tsikulo chinali chosakanikirana ndi maliro, chifukwa dzikolo linali litangogawidwa pawiri kuti pabadwe Pakistan. Anthu mamiliyoni ambiri anathawa m'midzi yawo, Ahindu ndi Asikh kulowera kwina, Asilamu kulowera kwina, ndipo pa nthawi ya kusamukako anthu osawerengeka anaphedwa m'misewu ndi m'sitima za pamtunda. Patangopita miyezi yochepa, pa 30 Januwale 1948, Mahatma Gandhi naye anawomberedwa ku Delhi. Dziko latsopanoli linali losauka, lodzala ndi zilankhulo, zipembedzo ndi mitundu yosiyanasiyana, ndipo kalembera wa 1951 anaonetsa kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 18 okha ndiwo ankadziwa kuwerenga ndi kulemba.

M'dziko lotere, atsogoleri anagwirizana kuti munthu aliyense wa zaka 21 kapena kuposerapo, mwamuna kaya mkazi, wolemera kaya wosauka, wophunzira kaya wosaphunzira, akhale ndi voti imodzi yofanana ndi ya mnzake. Zimene zinachitika pambuyo pa ganizo limeneli zikutithandiza kumvetsa ntchito yeniyeni ya chisankho m'dziko la demokalase, ndiponso zinthu zimene chisankho chimadalira kuti chikhale ndi tanthauzo.

Kuti tione kulimba mtima kwa ganizoli, tiyenera kukumbukira momwe zinthu zinalili m'mayiko amene ankadzitcha eni demokalase. Ku Britain amayi anapatsidwa ufulu woponya voti mofanana ndi abambo m'chaka cha 1928, ndipo mpaka 1948 kunali anthu ena, monga eni mabizinesi ndi omaliza maphunziro a m'mayunivesite, amene ankaponya mavoti awiri. Ku France amayi anayamba kuvota m'chaka cha 1945. Ku America anthu akuda a m'zigawo za kummwera ankatsekerezedwa ndi mayeso a kuwerenga ndiponso ziopsezo kufikira lamulo la 1965, ndipo ku Switzerland amayi anadikira mpaka 1971 kuti avote pa chisankho cha dziko lonse. M'mayiko amenewa voti inkafalikira pang'onopang'ono, kuyambira kwa eni minda ndi eni chuma, kutsikira kwa anthu wamba patapita mibadwo. Atsamunda anatengera mchitidwe womwewo kumayiko amene ankawalamulira. Ku India lamulo la 1935 linkapereka voti potengera chuma, msonkho ndi maphunzo a munthu, choncho ovota anali ochepa kwambiri. Kuno kwathu zinalinso chimodzimodzi pa chisankho cha Nyasaland cha mu Ogasiti 1961, pamene panali mabuku awiri a ovota, lapamwamba ndi lapansi, potengera chuma ndi sukulu.

Amene analemba malamulo oyendetsera dziko la India anakana njira ya pang'onopang'onoyi. Wapampando wa komiti yolemba malamulowo anali B. R. Ambedkar, munthu wobadwira m'gulu la anthu amene mwambo wa Chihindu unkawayesa odetsedwa, osayenera kukhudzidwa ngakhale kutunga madzi pachitsime chimodzi ndi anzawo. Iye ankadziwa bwino kuti munthu amene alibe voti alibenso pokadandaula. Malamulowo anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo anakhazikitsa bungwe loyendetsa chisankho loima palokha, limene mkulu wake sakanachotsedwa ntchito mwachisawawa ndi boma.

Mkulu woyamba wa bungweli anali Sukumar Sen, wogwira ntchito m'boma amene anaphunzira masamu. Ntchito imene anapatsidwa inali isanachitikepo kwina kulikonse: kulemba m'kaundula anthu okwana 173 miliyoni, ambiri mwa iwo asanaonepo pepala lovotera. Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu, ankafuna kuti chisankho chichitike msanga, koma Sen anaumirira kuti chisachitike kaundula asanakonzeke. Alembi anayenda khomo ndi khomo m'midzi ya m'zigwa, m'mapiri ndi m'zipululu. Kumadera ena a kumpoto anakumana ndi vuto limene sanaliyembekeze. Amayi ambiri ankakana kutchula mayina awo kwa mlendo, ndipo ankangoti alembedwe ngati mkazi wa uje kapena mayi wa uje. Sen analamula kuti aliyense alembedwe ndi dzina lake lenileni, ndipo amayi pafupifupi 2.8 miliyoni amene sanatero anafufutidwa m'kaundula. Linali ganizo lowawa, koma cholinga chake chinali chakuti voti ikhale ya mayiyo payekha, osati ya mwamuna wake. Pa chisankho chotsatira amayi ambiri analembetsa ndi mayina awo.

Funso lina linali lakuti munthu wosadziwa kuwerenga adzamzindikira bwanji amene akufuna kumusankha. Yankho linali zizindikiro. Chipani cha Congress cha Nehru chinatenga ng'ombe ziwiri zili pagoli. Chipani cha Socialist chinatenga mtengo waukulu wonga kachere, cha Jana Sangh nyali ya mafuta, cha Communist ngala za mbewu ndi chikwakwa, ndipo chipani cha Ambedkar chinatenga njovu. M'chipinda chovotera, wopikisana aliyense anali ndi bokosi lakelake lomatidwa chizindikiro chake. Wovota ankalandira kapepala, n'kulowa yekha, n'kukaponya m'bokosi la amene wamufuna, popanda cholemba chilichonse. Panapangidwa mabokosi achitsulo oposa 2 miliyoni, ndipo chala cha wovota chinkapakidwa inki yosafufutika msanga kuti asavote kawiri.

Oyamba kuvota anali anthu a ku Chini, m'mapiri a Himachal Pradesh, pa 25 Okutobala 1951, chifukwa akanadikira nyengo yozizira njira zonse zikanatsekeka ndi chisanu. Madera ena anatsatira, ndipo kuvota kunatha mu Febuluwale 1952. Mabokosi anayenda pa ngolo, pa ngamila, pa njovu ndi pa mabwato. Mwa mipando 489 ya m'nyumba ya malamulo yotchedwa Lok Sabha, Congress inapeza 364, ngakhale kuti mavoti ake sanafike theka la mavoti onse. Ambedkar mwini wake, mlembi wa malamulo amene anapereka voti kwa aliyense, anagonja ku Bombay kwa munthu wa Congress. Anthu amene anawapatsa mphamvu anaigwiritsa ntchito momwe anafunira iwo. Mbiri ya ntchito ya Sen inafika kutali, moti m'chaka cha 1953 anaitanidwa kukatsogolera bungwe loyendetsa chisankho ku Sudan.

Komabe chisankho chimene chipani cholamula chapambana sichitiuza zambiri za mphamvu ya voti. Mayiko ambiri a ulamuliro wankhanza amachititsa zisankho, anthu n'kufola pamzere, mabokosi n'kudzaza, koma aliyense akudziwa kale amene apambane. Chisankho chimayesedwa pa tsiku limene anthu akana wolamula. Ku India mayeso oyamba anabwera m'zigawo. M'chaka cha 1957 anthu a ku Kerala anasankha boma la chipani cha Communist lotsogozedwa ndi E. M. S. Namboodiripad, koma patapita zaka ziwiri boma la ku Delhi linalithetsa. Ichi chinali chizindikiro chakuti ngakhale Congress ya Nehru sinkamasuka kugawana mphamvu. M'chaka cha 1967 Congress inagonja m'zigawo zingapo, kuphatikizapo Madras, chigawo chimene tsopano chimatchedwa Tamil Nadu, komwe chipanichi sichinalamulirenso pachokha kuchokera nthawiyo. Koma ku Delhi mpando unali udakali m'manja mwa Congress.

Nehru anamwalira m'chaka cha 1964, ndipo womulowa m'malo, Lal Bahadur Shastri, anamwalira mu Januwale 1966. Apa ndi pamene mwana wamkazi wa Nehru, Indira Gandhi, anakhala nduna yaikulu. Pa chisankho cha 1971 analonjeza kuthetsa umphawi ndipo anapambana ndi mipando 352. Kumapeto kwa chaka chomwecho India inagonjetsa Pakistan pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, ndipo mayiyu anatchuka kuposa mtsogoleri wina aliyense. Koma zaka zotsatira zinabwera ndi chilala, kukwera mtengo kwa mafuta ndi zakudya, kunyanyala ntchito kwa ogwira ntchito za sitima za pamtunda m'chaka cha 1974, ndiponso zionetsero za ophunzira zimene zinatsogozedwa ndi Jayaprakash Narayan, mmodzi wa akuluakulu omenyera ufulu.

Nthawi yonseyi kukhoti kunali mlandu umene ambiri ankauyesa wamasewera. Raj Narain, amene anagonja kwa Indira Gandhi m'dera la Rae Bareli m'chaka cha 1971, anakasuma kuti mayiyo anaphwanya malamulo a chisankho. Pa 12 Juni 1975 woweruza wa bwalo lalikulu la ku Allahabad, Jagmohanlal Sinha, anagamula kuti nduna yaikulu inagwiritsadi ntchito munthu wolembedwa ntchito ndi boma pokopa anthu, ndiponso kuti akuluakulu a boma la chigawo ndiwo anamanga nsanja ndi kukonza magetsi a misonkhano yake. Anathetsa kupambana kwake ndi kumuletsa kupikisana kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Zolakwazo zinali zazing'ono poyerekeza ndi mpando umene unali pangozi, koma lamulo linali lomveka, ndipo woweruzayo analitsata.

Indira Gandhi sanatule pansi udindo. Usiku wa pa 25 Juni 1975, pulezidenti Fakhruddin Ali Ahmed anasaina chikalata cholengeza kuti dziko lili pangozi, chimene chinapatsa boma mphamvu zoimitsa ufulu wa anthu. Usiku womwewo magetsi anazimitsidwa kumalo osindikizira nyuzipepala ku Delhi, ndipo apolisi anagwira Narayan, Morarji Desai, Atal Bihari Vajpayee, L. K. Advani ndi ena ambiri. M'miyezi 21 yotsatira anthu oposa 100,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Nyuzipepala zinkayamba zaonetsa nkhani zawo kwa boma zisanasindikize. Nyumba ya malamulo inasintha malamulo kuti makhoti asakhale ndi mphamvu pa chisankho cha nduna yaikulu, ndipo inadziwonjezera nthawi yokhala pampando. Mu Epulo 1976 bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti pa nthawi yotere munthu womangidwa alibe ufulu wokadandaula kukhoti. Woweruza mmodzi yekha mwa asanu, H. R. Khanna, ndiye anatsutsa, ndipo itafika nthawi yoti akhale mkulu wa oweruza, boma linamudumpha.

Anthu ambiri a m'tauni sanadandaule poyamba, chifukwa sitima zinkayenda pa nthawi yake ndipo ogwira ntchito m'maofesi ankafika molawirira. Amene analawa ululu weniweni anali osauka. Mwana wa Indira, Sanjay Gandhi, amene analibe udindo uliwonse m'boma, anatsogolera ntchito yochepetsa kuchulukana kwa anthu ndi yokongoletsa mizinda. Aphunzitsi, apolisi ndi ogwira ntchito zachipatala anapatsidwa chiwerengero cha anthu oti awapititse kukatsekedwa njira ya ubereki, ndipo wolephera ankamanidwa malipiro. M'chaka chimodzi chokha anthu pafupifupi 8 miliyoni anachitidwa opaleshoni imeneyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo kumidzi ina ya kumpoto amuna ankagona m'minda pothawa magalimoto a boma. Ku Delhi nyumba za anthu osauka zinagumulidwa, ndipo ku Turkman Gate, mu Epulo 1976, apolisi anawombera anthu amene ankakana kusamutsidwa. Popeza nyuzipepala zinali zotsekedwa pakamwa, zonsezi sizinkamveka kwa olamula. Amene anawazungulira ankawauza zokoma zokhazokha.

Pa 18 Januwale 1977 Indira Gandhi anadzidzimutsa dziko polengeza chisankho ndi kumasula atsogoleri otsutsa. Olemba mbiri ambiri amaona kuti ankakhulupirira kuti apambana, popeza otsutsa anali obalalika ndipo anangotsala ndi milungu yochepa yokonzekera. Koma zipani zinayi zinagwirizana mwamsanga pansi pa dzina la Janata, ndipo mu Febuluwale nduna yake yodalirika, Jagjivan Ram, inamuthawa. Anthu anavota kuyambira pa 16 mpaka pa 20 Malichi. Janata inapeza mipando 295, Congress 154. M'chigawo cha Uttar Pradesh, chimene chinali ndi mipando 85, ndiponso ku Bihar, kumene kunali 54, Congress sinapeze mpando ndi umodzi womwe. Sanjay anagonja ku Amethi. Indira Gandhi anagonja ku Rae Bareli ndi mavoti oposa 55,000, ndipo womugonjetsa anali Raj Narain yemwe uja.

Tionetsetse kumene chigamulochi chinachokera. Kummwera, kumene nkhanza za kutseka ubereki zinali zochepa, Congress inachita bwino. Inasesedwa kumpoto, m'zigawo zosauka zimene zinali ndi anthu ambiri osapita kusukulu, anthu omwe aja amene ankanenedwa kuti sangamvetse za voti. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mlimi wa ku Bihar sankafunika kuwerenga malamulo a dziko kuti adziwe zimene boma lachita pathupi pake ndi pakhomo pake. Chimene ankasowa chinali malo oti ayankhulirepo popanda kumangidwa, ndipo kachipinda kovotera kanamupatsa malowo.

Mphamvu zapadera zija zinathetsedwa pa 21 Malichi, Indira Gandhi anatula pansi udindo, ndipo pa 24 Malichi Morarji Desai, wa zaka 81, analumbira kukhala nduna yaikulu yoyamba yosachokera ku Congress. Asilikali sanatuluke m'misasa yawo, ndipo ogwira ntchito yowerenga mavoti analengeza zimene anapeza, ngakhale zinali zogwetsa bwana wawo. Boma latsopano linasintha malamulo m'chaka cha 1978 kuti kulengeza kuti dziko lili pangozi kusakhalenso kophweka. Koma atsogoleri a Janata anagwirizana pa chinthu chimodzi chokha, chochotsa Indira, ndipo atachikwaniritsa anayamba kulimbirana mipando. Boma lawo linagwa m'chaka cha 1979, ndipo mu Januwale 1980 anthu omwewo anabwezera Indira Gandhi pampando ndi mipando yoposa 350. Ena amaona ngati kumeneku kunali kusakhazikika maganizo, koma ovota anachita chinthu chimodzimodzi kawiri konse: anachotsa boma limene linawakhumudwitsa. Chisankho sichilonjeza kuti anthu adzapeza mtsogoleri wabwino. Chimene chimapereka ndi njira yochotsera woipa popanda kukhetsa mwazi, ndiponso chiyembekezo kwa wogonja kuti tsiku lake lidzafikanso.

Mbiri ya India ikuonetsanso zimene zimachitika njirayi ikatsekedwa. Chisankho cha 1987 ku Jammu ndi Kashmir anthu ambiri amakhulupirira kuti chinaberedwa, ndipo ena mwa achinyamata amene anagwira nawo ntchito yokopa anthu pa chisankhocho anadzanyamula mfuti m'zaka zotsatira. Kumadera ena, makamaka ku Bihar, kunali mchitidwe woti zigawenga zilande malo ovotera n'kudzaza mabokosi zokha. Amene analimbana ndi zimenezi mwamphamvu anali T. N. Seshan, mkulu wa bungwe la chisankho kuyambira 1990 mpaka 1996. Iye anayambitsa ziphaso za ovota zokhala ndi chithunzi, anakakamiza opikisana kufotokoza ndalama zimene awononga, ndipo ankaimitsa chisankho paliponse pamene malamulo aphwanyidwa. Andale ankadana naye, koma anthu wamba anayamba kulikhulupirira bungwelo. Zaka zovotera zinatsitsidwa kufika pa 18 m'chaka cha 1989, ndipo kuyambira 2004 dziko lonse limavota pa makina amagetsi, amene ali ndi dzina ndi chizindikiro cha wopikisana aliyense.

Kuchokera mu 1977 boma la ku Delhi lasintha manja kangapo kudzera m'voti. Vajpayee anagonja m'chaka cha 2004 pamene ambiri ankayembekezera kuti apambana, ndipo Congress inagonja kwa Narendra Modi m'chaka cha 2014. Pa chisankho cha 2024 olembetsa anaposa 960 miliyoni, ndipo chipani cha Modi cha BJP, chimene chinali ndi mipando 303, chinatsika kufika pa 240 mwa 543, moti chinafunika thandizo la zipani zina kuti chipange boma. Mikangano sinathe. M'chaka cha 2023 nyumba ya malamulo inachotsa mkulu wa oweruza pa komiti yosankha akuluakulu a bungwe la chisankho n'kuikapo nduna, ndipo otsutsa anadandaula kuti bungwelo likulowa m'thumba la boma. Mu Febuluwale 2024 bwalo lalikulu kwambiri linathetsa njira imene makampani ankaperekera ndalama ku zipani mobisa. Mibadwo iliyonse imayenera kuteteza chisankho chake mwatsopano.

Amalawi sangaione nkhaniyi ngati yachilendo. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 anthu akumudzi anasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali ya zipani zambiri. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo kusiyana ndi zimene zinachitika ku Delhi mu 1975, chigamulocho chinatsatidwa, anthu n'kuvotanso pa 23 Juni. Amene anapambana nthawiyo anagonja mu Seputembala 2025, ndipo anavomereza.

Kuyambira pa kaundula wa Sukumar Sen kufikira pa kugwa kwa Indira Gandhi, tikuona kuti chisankho chimayenda bwino pakakhala zinthu zitatu. Choyamba ndi wovota amene walembedwa ndi dzina lake ndipo akuponya voti payekha, popanda womuyang'ana. Chachiwiri ndi owerenga mavoti ndi oweruza milandu amene saopa wolamula. Chachitatu ndi wogonja amene amanyamuka pampando mavoti akamukana. Maphunziro ndi chuma ndi zofunika pa moyo wa dziko, koma India inayamba kuvota zonsezi zisanafike, ndipo pa nthawi imene ufulu wake unali pafupi kutha, amene anaupulumutsa anali alimi ndi aganyu a m'midzi ya Uttar Pradesh ndi Bihar, ambiri mwa iwo osatha kulemba ngakhale dzina lawo.